Mfiti Yodzitchula Yokha ndi Mfiti Yolozedwa Chala

Olievenhoutbosch ndi dera lokhala anthu ambiri lomwe lili m'mbali mwa msewu wa R55, chakumadzulo kwa Centurion, mu mzinda wa Tshwane m'dziko la South Africa. Derali linayamba m'zaka za m'ma 1990, ndipo pa kalembera wa m'chaka cha 2011 munapezeka anthu oposa 70,000. Ena mwa iwo ndi nzika za dzikolo, ena ndi ochokera ku Zimbabwe, Mozambique ndi Malawi. Ambiri amalawirira m'mamawa kukagwira ntchito za m'nyumba ndi zosamalira maluwa m'madera a anthu ochita bwino a ku Centurion ndi Midrand.

M'nyumba zoterezi ndi momwe wantchito wochokera ku Mangochi kapena ku Dedza angakumane ndi zinthu zomwe sanazionepo: katebulo pakona ya chipinda, pamwamba pake pali makandulo, kambale ka mchere, chikho cha madzi ndi chizindikiro cha nyenyezi ya nsonga zisanu. Atafunsa, mwininyumba angayankhe mosabisa m'Chingerezi kuti iye ndi "witch". Mawuwa akamasuliridwa m'Chichewa amakhala "mfiti", m'Chizulu "umthakathi", ndipo m'Chisotho "moloi". Woyankhayo amakhala akunena za chipembedzo chake chotchedwa Wicca, pomwe womverayo amakhala akumva za munthu woyenda usiku, wolodza ana ndi wodya maliro.

Kusamvana kumeneku si nkhani yoseketsa, chifukwa dzina lomwe wina amadzitchula mwaufulu ndi lomwe likuphetsa agogo m'midzi ndi m'matauni a maiko a kuno kumwera kwa Africa. Alangizi, mafumu, atsogoleri a mipingo ndi alimi ayenera kudziwa kusiyanitsa zinthu zitatu: chikhulupiriro cha munthu, mphekesera zomunenera, ndi mlandu weniweni wopweteka ena.

Chiyambi cha Wicca

Wicca ndi chipembedzo chatsopano chomwe chinabadwira ku England. Amene anachibweretsa poyera ndi Gerald Gardner, yemwe anabadwa mu 1884 ndi kumwalira mu 1964. Iye anagwira ntchito m'minda ya tiyi ndi ya mpira ku Asia, kenaka n'kukhala wogwira ntchito m'boma la atsamunda ku Malaya. Dziko la Britain litachotsa lamulo lake lakale lokhudza ufiti mu 1951, Gardner anatulutsa buku lotchedwa Witchcraft Today mu 1954, momwe ananena kuti chipembedzochi chinali chotsalira cha mapembedzedwe akale a ku Ulaya. Akatswiri a mbiri yakale, monga Ronald Hutton wa pa yunivesite ya Bristol, anaonetsa kuti Gardner ndi anzake anachita kuchilumikiza kuchokera ku nthano zakale, miyambo ya magulu achinsinsi ndi mabuku a m'nthawi yawo. Mayi wina wotchedwa Doreen Valiente, yemwe analowa m'gululi mu 1953, ndiye anakonza mawu ambiri a mapemphero awo.

Otsatira chipembedzochi ndi ochepa. Pa kalembera wa mu 2021 ku England ndi Wales, anthu pafupifupi 13,000 ananena kuti ndi a Wicca. Ku South Africa ali m'gulu la zipembedzo zazing'ono zodziwika ndi dzina loti Pagan, m'dziko lomwe kalembera wa mu 2022 anapeza kuti anthu 85 mwa 100 aliwonse ndi Akhristu, ndipo pafupifupi 8 mwa 100 aliwonse amatsatira zipembedzo za makolo. Ambiri mwa a Wicca a m'dzikoli ndi azungu okhala m'mizinda. Ufulu wawo wopembedza unatsimikizika ndi gawo 15 la malamulo oyendetsera dziko a mu 1996, chaka chomwenso bungwe la Pagan Federation of South Africa linakhazikitsidwa.

Momwe amapempherera

A Wicca ambiri amakhulupirira mulungu wachikazi ndi mulungu wachimuna, omwe amawayerekeza ndi mwezi, dzuwa, nthaka ndi nkhalango. Satana mulibe m'chiphunzitso chawo, popeza amati ameneyo ndi wa m'chiphunzitso cha zipembedzo zina. Alibe tchalitchi kapena mzikiti. Pofuna kupemphera amalemba mzere wozungulira malo omwe aimapo, n'kuyang'ana kummawa, kumwera, kumadzulo ndi kumpoto, uku akutchula mphepo, moto, madzi ndi nthaka. Nyenyezi ya nsonga zisanu ija imaimira zinthu zinayi zimenezi pamodzi ndi mzimu. Ena amapemphera m'timagulu tomwe mwa mwambo sitipitirira anthu 13, pomwe ambiri amapemphera paokha. Sayenda khomo ndi khomo kukopa anthu.

Amasonkhana mwezi ukakhala wathunthu, komanso ali ndi zikondwerero zisanu ndi zitatu pachaka zomwe zimatsata nyengo za ulimi. Popeza nyengo za ku Ulaya zimasemphana ndi za kuno, a Wicca ambiri a ku South Africa anasuntha zikondwererozi ndi miyezi isanu ndi umodzi. Chikondwerero cha pakati pa nyengo yozizira chimachitika cha pa 21 Juni, cha zipatso zoyamba kucha kumayambiriro a Febuluwale, ndipo chokumbukira omwalira kumapeto a Epulo.

Mlimi wa ku Malawi sangadabwe kwambiri ndi pemphero lotsata nyengo. Makolo ankathira nsembe pa kachisi mvula ikachedwa, ndipo malo monga Msinja kwa Makewana ndi Khulubvi kwa Mbona ku Nsanje ndi odziwika m'mbiri ya mapemphero a mvula. Akhristu amapereka za masika ku tchalitchi, Asilamu nawo amapereka zakaati pa zokolola. Komabe kufanana kumeneku kuli ndi malire. Wicca si chipembedzo cha makolo a mu Africa, ndipo sichifanana ndi ntchito ya asing'anga.

Palinso kusiyana kwina komwe sikuyenera kubisidwa. A Wicca ambiri amachita miyambo yomwe iwo eni amaitcha matsenga, monga kuyatsa kandulo ndi kunena mawu ofunira wodwala machiritso kapena wosowa ntchito mwayi. Iwo amaona mwambowu ngati pemphero lochita ndi manja. Mkhristu ndi Msilamu amaphunzitsidwa kupempha kwa Mulungu mmodzi ndi kusiya yankho m'manja mwake, ndipo Baibulo ndi Kurani zimaletsa zamatsenga ndi kuwombeza. Kotero mbusa kapena shehe wochenjeza nkhosa zake kuti mapanga awiri avumbwitsa sakulakwira lamulo lililonse. Ufulu wopembedza umalola munthu kukana chiphunzitso cha mnzake. Chomwe sulola ndi kumuthamangitsa, kumuchotsa ntchito kapena kumutukulira dzanja chifukwa cha chiphunzitsocho.

Lamulo la kusapweteka

Chiphunzitso cha makhalidwe cha Wicca chimagona pa mfundo imodzi yomwe Doreen Valiente anailankhula pagulu mu 1964. Tanthauzo lake ndi loti munthu ali ndi ufulu wochita zomwe wasankha pokhapokha ngati zochitazo sizipweteka wina aliyense. Ambiri amawonjezerapo chikhulupiriro choti chabwino kapena choipa chomwe munthu wachita chimamubwerera katatu, ngakhale si onse amene amavomereza mfundo yachiwiriyi.

Pakamwa lamuloli ndi lopepuka, koma kumunda ndi lolemera. Wotentha tchire posaka mbewa wapweteka mwini mitengo ndi mwini ziweto. Wolima mpaka m'mphepete mwa mtsinje wapweteka anthu a kumunsi omwe madzi osefukira adzawapeza. Wotsukira sipuleya ya mankhwala a mbewu pafupi ndi chitsime wapweteka mwana yemwe sakumudziwa n'komwe. Munthu wofuna kusunga lamuloli moona mtima amakakamizika kufunsa komwe zochita zake zikathere, ndipo funso limeneli ndi laphindu kwa wa chipembedzo chilichonse.

Ngakhale zili choncho, lamuloli lili ndi zoperewera ziwiri. Choyamba, kusapweteka munthu si kumuthandiza. Wodutsa pa nyumba ya mayi wamasiye yomwe denga lake lasasuka sanapweteke aliyense, koma umunthu, chikondi cha Chikhristu ndi sadaka ya Chisilamu zimamufunsa chifukwa chomwe sanaimire. Chachiwiri, ganizo loti choipa chimabwerera mwini wake likhoza kupotozedwa n'kuyamba kuweruza ovutika, ngati kuti aliyense wodwala kapena wosauka akukolola zomwe anafesa. Maganizo oti tsoka lililonse lili ndi mwini wake ndiwo muzu wa kulozana zala m'midzi.

Apa ndi pomwe pali chodabwitsa. Anthu odzitcha mfiti ali ndi lamulo loletsa kupweteka ena, pomwe khamu logenda gogo limakhala ndi anthu ambiri omwe dzulo lake anali m'nyumba zopemphereramo, momwe amaphunzitsidwa kuti kupha ndi tchimo. Dzina la chipembedzo palokha silionetsa yemwe ali woopsa.

Mkangano wa dzina ku South Africa

Dziko la South Africa linakhazikitsa lamulo lothana ndi ufiti, la Witchcraft Suppression Act, mu 1957. Lamuloli linaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo linaika chilango chofika zaka 20 m'ndende ngati wotchulidwayo waphedwa chifukwa cha mawuwo. Linaletsanso kudzinenera kuti uli ndi nzeru za ufiti komanso kuwombeza kolipiritsa. Mbali yachiwiriyi ndi yomwe inakhudza a Wicca ndi asing'anga.

Mu 2007 bungwe la South African Pagan Rights Alliance, lomwe linayamba mu 2004, linapempha bungwe lounikanso malamulo la South African Law Reform Commission kuti lione ngati lamuloli likugwirizana ndi ufulu wopembedza. Mu Sepitembala chaka chomwecho, magulu a Pagan anakumana ku Melville mu mzinda wa Johannesburg ndi kugwirizana kuti apitiriza kudzitcha mfiti mosachita manyazi. Chaka chomwechonso chigawo cha Mpumalanga chinakonza bilu yokhwimitsa malamulo a ufiti, koma inasiyidwa mu 2008 a Pagan ndi asing'anga ataitsutsa. Mu 2008 momwemo, unduna wa za m'dziko unavomereza bungwe la Pagan lija kuti lizimangitsa maukwati. Mu 2016 bungwe lounikanso malamulo linatulutsa chikalata chokambirana chomwe chinati kuletsa munthu kudzitcha mfiti kapena kuwombeza kukusemphana ndi malamulo oyendetsera dziko, ndipo linapereka ganizo loti lamulo latsopano lizilimbana ndi mchitidwe wopweteka anthu.

Asing'anga, kudzera m'bungwe la Traditional Healers Organisation, anagwirizana ndi a Pagan pa zoti lamulo la 1957 liunikidwenso, koma anasiyana nawo pa dzina. Kwa iwo mfiti ndi munthu wochita zoipa basi, ndipo sing'anga wotchulidwa dzinali amakhala pa chiopsezo. Nkhawa yawo inali ndi maziko. Mu 1995 boma la chigawo chomwe tsopano ndi Limpopo linakhazikitsa komishoni yotsogozedwa ndi Pulofesa Victor Ralushai chifukwa cha kuchuluka kwa anthu ophedwa powaganizira ufiti. Mu 1998 msonkhano waukulu pa nkhani yomweyi unachitikira ku Thohoyandou. Vutoli silinathere kumidzi. Mu Malichi 2021 ku Mapetla, mu Soweto, mayi wa zaka 59 yemwe ankadwala matenda a maganizo anamenyedwa ndi kutenthedwa pomuganizira ufiti, ndipo anamwalira.

Kusiyana kwa anthu awiriwa n'koonekeratu. Wa Wicca wokhala m'nyumba ya mpanda amasankha yekha dzinali, angathe kulibisa kuntchito, ndipo akalakwiridwa amadziwa kokadandaula. Gogo wokhala m'chisakasa cha malata sasankha. Dzinali amachita kumuveka, nthawi zambiri pa maliro, ndipo likamumatirira silichoka. Omenyera ufulu wa a Pagan anazindikira zimenezi, n'chifukwa chake anayambitsa kampeni ya masiku 30 yodzudzula kusaka afiti, kuyambira pa 29 Malichi mpaka pa 27 Epulo. Ufulu wa woyamba uja ulibe ulemu ngati sulabadira moyo wa wachiwiriyu.

Anthu a ku Olievenhoutbosch akudziwa zomwe zimachitika khamu likafuna womusenzetsa imfa. Kumapeto a 2005 ndi kumayambiriro a 2006, anthu osachepera anayi anaphedwa m'derali ndipo zisakasa za obwera zinatenthedwa, anthu ochokera kunja atanenedwa kuti ndiwo anapha munthu wina wa komweko. Nkhaniyi sinali ya ufiti, koma kayendedwe kake kanali komweko: imfa, mphekesera, chala cholozedwa kwa wopanda omuteteza, kenaka moto. Mmalawi wokhala ku Joni yemwe anaonapo mantha otere ayenera kukhala woyamba kukana kuloza chala munthu wina. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Nanga ku Malawi?

Malawi ili ndi lamulo lake la ufiti la mu 1911, lomwe linaletsa kumwetsa mwabvi, kunenera munthu ufiti ndi ntchito yosaka afiti. Komishoni yapadera younikanso lamuloli inayamba ntchito mu 2009, ndipo kumapeto a 2021, motsogozedwa ndi Jasitisi Robert Chinangwa, inapereka ganizo loti lamulo livomereze kuti ufiti ulipo. Mabungwe ena omenyera ufulu wa anthu anatsutsa ganizoli poopa kuti lingawonjezere nkhanza kwa okalamba, popeza khoti limafuna umboni wooneka.

Zomwe zinachitika ku Neno mu Januwale 2016 ndi chitsanzo chosaiwalika. Mtsikana wa zaka 17 atamwalira ndi mphenzi m'dera la Mfumu Yaikulu Dambe, anthu anayi okalamba anaphedwa powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenziyo. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu okalamba, koma lamulo la papepala silifika pa siwa lisananyamulidwe ndi anthu a m'mudzi momwemo.

Nkhaniyi imalumikizanso maiko awiriwa kudzera pa foni. Wachinyamata akachotsedwa ntchito ku Centurion, akadwala, kapena akagwidwa n'kutsekeredwa ku Lindela poyembekeza kubwezedwa kwawo, nthawi zina chifukwa chake chimasakidwa kumudzi. Uthenga umodzi wa pa WhatsApp wotchula agogo kapena azakhali ungathe kugwetsa nyumba yomwe ili pa mtunda wa makilomita oposa 1,000.

Zoyenera kuchita ogwira ntchito m'madera

Mlangizi sayenera kuyamba ndi mtsutso woti ufiti ulipo kapena kulibe, chifukwa mtsutsowu sutha ndipo umatseka makutu a anthu. Pali mafunso atatu omwe wokhulupirira ndi wosakhulupirira angagwirizanepo.

Loyamba: wapwetekedwa ndani, ndipo ndi chiyani? Kandulo ndi kambale ka mchere sizipweteka munthu. Koma wothira mnzake poizoni, wofukula manda, kapena wodula ziwalo za munthu wa khungu lachialubino wapalamula mlandu womwe uli ndi umboni, ndipo malo ake ndi kupolisi ndi kukhoti, kaya iye amapemphera kuti.

Lachiwiri: kodi pali kufotokozera kwina komwe anthu sanakumve? Imfa ya mwadzidzidzi ikhoza kubwera ndi kuthamanga kwa magazi, matenda a shuga kapena malungo a mu ubongo. Gogo wopezeka usiku pakhomo pa eni ake asakudziwa komwe ali, kapena wovomera milandu yomwe sanachite, kawirikawiri amakhala akudwala matenda oiwalaiwala a ukalamba. Mphenzi imakonda mitengo yaitali, malo okwera ndi anthu oima pamtetete. Alangizi a zaumoyo akafotokozera banja chomwe chapha m'bale wawo mwambo wa maliro usanathe, amatseka mpata womwe mphekesera imalowera.

Lachitatu: wonenedwayo akachoka, apindule ndani? Kuseri kwa milandu yambiri ya ufiti kumapezeka munda, dimba, nyumba ya malata, ufumu kapena ndalama zotumizidwa kuchokera kunja. Mfumu yanzeru imafunsa za malire a munda isanamve za maloto.

Kuwonjezera apo, makomiti a chitukuko ndi a chitetezo cha m'mudzi ayenera kudziwa okalamba omwe akukhala okha, ndi kugwirizana pasadakhale za komwe angawabise zinthu zikavuta. Abusa, mashehe, aneneri ndi asing'anga apemphedwe kulonjeza pagulu kuti sadzatchula dzina la munthu ngati gwero la tsoka la mnzake. Anthu akumbutsidwe pa misonkhano kuti lamulo la mu 1911 ku Malawi ndi la mu 1957 ku South Africa onse anaika kunenera munthu ufiti m'gulu la milandu. Ndipo wogwira ntchito m'nyumba yemwe wakumana ndi mapembedzedwe achilendo afunse mwaulemu asanafalitse nkhani, pakuti safunsa anadya phula. Nayenso ali ndi ufulu wokana kutenga nawo mbali pa mwambo wosemphana ndi chikhulupiriro chake, ndipo bwana wake ayenera kulemekeza zimenezo.

Palibe akupempha Mkhristu, Msilamu kapena wotsatira za makolo kuti avomereze chiphunzitso cha Wicca. Gawo 33 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi, monganso gawo 15 la ku South Africa, limateteza chikumbumtima cha aliyense, wovomereza ndi wokana yemwe. Chofunika n'chakuti munthu aweruzidwe ndi zomwe manja ake achita ndi umboni womwe ulipo. Gogo wa ku Neno ndi mayi wa ku Mapetla sanapatsidwe mwayi umenewo, ndipo okalamba omwe ali moyo lero akudalira anansi awo kuti awapatse.